Achimwene anenepa kwambiri chiyambireni mankhwala a matenda a maganizo, kodi ndi kuchira kumeneku?

MlongoWaKuBangwe:
Anzanga pagulu pano ndithandizeni maganizo. Achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, anadwala matenda a maganizo chaka chatha. Anagonekedwa ku Zomba Mental miyezi iwiri, anatuluka, panopa mankhwala amatengera konkuno ku Blantyre ndipo gadiyani wawo ndine. Kumutu zinthu zili bwino, tikuthokoza Mulungu. Akugona, akucheza ndi anthu, ayambiranso kukonza mawailesi pakhonde. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi thupi. Tsiku logonekedwa m'buku mwawo analembamo makilogalamu 58. Sabata yatha ndinawakweza pa sikelo ya anyamata olipiritsa aja ku Limbe, inawerenga 84. Miyezi 14 yokha. Mathalauza onse a saizi 30 tinagawira ana a azakhali.

Njala yake si yamasewera. Cha m'ma 11 koloko usiku ndimangomva zivundikiro za mapoto zikulira kukhitchini, akusaka mkute. Tiyi amamwera m'kapu yaikulu ya pulasitiki ija, shuga masipuni anayi. Ndiye masabata atatu apitawa ayamba kudzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, botolo la madzi akumwa silichoka pambali pa bedi. Amayi akuti ndisiye kulaula, mwana wachira, taona masaya abwerera. Kutchalitchi aliyense akuti awala. Ndatsala ndekha wodandaula. Alipo amene anakumanapo nazo?

Maule_Mpakakale:
Munthu anali wowonda mumadandaula, wanenepa mukudandaulanso. Asisi thokozani, ena tikufuna makilo amenewo sakubwera kkkk

Naphiri_Chilomoni:
Mwatchula mankhwala koma simunanene dzina lake. Onani pa kapepala kapena m'buku.

MlongoWaKuBangwe:
Olanzapine, amamwa usiku. Poyamba anali pa chlorpromazine.

Naphiri_Chilomoni:
Basi ndi yemweyo. Mwana wanga wamkazi anamwa ameneyo chaka chimodzi, madiresi onse anasiya kulowa. Ankalira ndi njala ngati sanadye masiku atatu pomwe wangotsiriza kumene mitanda itatu.

Kabaza_Machinjiri:
Mankhwala achizungu amatero, amakonza uku akuwononga uku. Asiyitseni amenewo mupite nawo kumapemphero kapena mupeze azitsamba odziwa. Munthu wachira kale, akumweranji?

NdimamwaUsikuUliwonse:
@Kabaza_Machinjiri chonde mawu amenewo musamauze anthu. Ine ndi mwini wake wa matendawa, si nkhani yomva kwa ena. Ndili ndi zaka 34 ndipo ndakhala pa mankhwala zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chachiwiri ndinanenepa mpaka anzanga ku Ndirande anandipatsa dzina loti Bwana Mimba. Mtsikana amene ndinkafuna kumanga naye banja anandiuza mwanthabwala kuti m'minibasi ndizilipira mipando iwiri. Ndinaseka nawo, koma usiku umenewo mapiritsi ndinawataya m'chimbudzi. Mwezi woyamba ndinkamva kupepuka, ndinkadzuka 5 koloko, ndinkauza aliyense kuti ndachira. Mwezi wachitatu tulo tinatha. Mwezi wachinayi anakanditola pa Ginnery Corner ndilibe nsapato, ndikuwongolera magalimoto. Ntchito inathera pomwepo, mtsikana uja sindinamuonenso. Nditabwerera kuchipatala anayenera kundipatsa mlingo waukulu kuposa poyamba, ndiye makilo aja anabweranso ndi anzawo.

Kupemphera ndimapemphera, Lamulungu lililonse ndili kutsogolo. Koma piritsi langa ndimamwa.

Kabaza_Machinjiri:
Pepani aise, sindimadziwa kuti zimafika pamenepo.

Namwino_wa_Usiku:
@MlongoWaKuBangwe ndiyambe ndi chofulumira. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku mwa munthu amene wanenepa msanga chotere ndi zizindikiro zoti shuga akhoza kukhala atakwera kale. Musadikire tsiku lotenga mankhwala. Mawa kapena mkuja apite akayezetse m'mawa asanadye kanthu, ngakhale tiyi ayi, madzi okha. Akayamba kusanza, kufooka kwambiri kapena kusokonezeka, thamangani nawo nthawi yomweyo, musangoti ndi mutu wayambiranso.

Tsopano nkhani yonse. Madokotala amaitcha metabolic syndrome. Ine ndimauza odwala kuti ndi mavuto obadwa mimba imodzi, ukaona mmodzi pakhomo dziwa kuti abale ake ali m'njira. Alipo asanu. Mimba kukula, kutanthauza chiuno chofika masentimita 94 kwa bambo ndi 80 kwa mayi. BP yofika 130/85. Shuga wa m'mawa usanadye wofika 5.6, kapena 100 ngati makina ake ndi owerenga manambala akuluakulu aja. Kenako mafuta a m'magazi awiri, ena otchedwa triglycerides akakwera kufika 1.7, ndi ena abwino otchedwa HDL akatsika. Munthu akakhala ndi atatu mwa asanuwa ndiye kuti ali nalo vutoli, ndipo ali pafupi ndi matenda a shuga enieni, sitiroko ndi matenda a mtima. Shuga wa m'mawa akafika 7.0, kapena 126, pamenepo tayamba kukamba za matenda a shuga.

Chifukwa chake anthu odwala maganizo zimawagwira kwambiri? Mankhwala ena amakasokoneza malo a mu ubongo omwe amauza munthu kuti wakhuta. Ndiye achimwene anuwo si osusuka ayi, mimba imadzaza koma uthenga sufika. Amagonetsanso, munthu amadzuka 10 koloko thupi lolemera, kuyenda kumachepa. Mafuta akaunjikana pamimba, insulini yochokera ku kapamba imasiya kugwira bwino ntchito yake yolowetsa shuga m'minofu, shuga n'kumangoyandama m'magazi. Olanzapine ndi clozapine ndi omwe amadziwika kwambiri pa zimenezi, ndipo nthawi zina amakweza shuga ngakhale munthu asananenepe. Chlorpromazine naye amanenepetsa, risperidone ali pakatikati, haloperidol pang'ono. Sodium valproate ndi amitriptyline nawonso amawonjezera thupi. Onjezani fodya, mowa, kukhala m'nyumba chifukwa anthu akukuloza zala, mwaona mmene zimawunjikirana.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amanena kuti anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo, ndipo ambiri chimawatenga si mutu ayi, ndi matenda a m'thupi ngati a mtima. Zimandiwawa chifukwa ambiri mwa matenda amenewa sikelo, tepi ndi kadontho ka magazi pachala zikanawagwira msanga.

Maule_Mpakakale:
Eee ndabweza mawu anga aja. Ndimaona ngati kunenepa ndi umboni woti mankhwala agwira.

Gogo_wa_Zingwangwa:
Si inu nokha mwanawe. Ife tinakula tikudziwa kuti mkazi akakwatiwa n'kunenepa ndiye kuti akusamalidwa. Ndiye kunabwera matenda aja m'zaka za m'ma 90, kuwonda kunasanduka chinthu choopsa, munthu ukatsika pang'ono anthu ayamba kunong'onezana pamaliro. Mayi amene anaona mwana wake atatha thupi, lero akumuona masaya ali phwii, mukamuuze kuti zimenezo ndi matenda? Amayi anuwo musawakalipire, muwatengere kuchipatala akamve okha.

MlongoWaKuBangwe:
Agogo mwalasa. Nthawi imene ankadwala ankakana chakudya, amati tathiramo poizoni. Amayi ankalira ndi mbale m'manja. Ndiye lero akapempha nsima yowonjezera amayi amathamangira kukhitchini mosangalala. Ndikanena kuti achepetse amandiyang'ana ngati ndine mfiti.

Mjomba_wa_Lunzu:
Nanga bwanji osangowasinthira ku haloperidol poti anamwino akuti sanenepetsa kwambiri? Nkhani yatha.

NdimamwaUsikuUliwonse:
Munamwapo? Ine anandiumitsa khosi, lilime kulemera, manja kunjenjemera moti kapu ya tiyi ndinkagwira ndi manja awiri. Ndinkayenda ngati loboti, ana akumanditsanzira panjira. Anachita kundiwonjezera benzhexol kuti thupi limasuke. Kwa ena amawayanja bwinobwino, mnzanga wina ali pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi ndipo alibe dandaulo. Koma si nsapato yoti aliyense ingomukwana.

Namwino_wa_Usiku:
Zoona. Ndipo kusintha mankhwala si kwa pagulu pano, ndi kwa dokotala amene akumuona wodwalayo, komanso amasintha pang'onopang'ono. Pali anthu amene olanzapine ndi yekhayo anawakhazika pansi ena onse atalephera. Otero sitiwachotsa, timalimbana ndi thupilo. Dokotala akhoza kuwonjezera metformin, mankhwala a shuga omwe aja, amathandizanso kuchepetsa kunenepa kobwera ndi mankhwalawa. Malangizo a WHO a chaka cha 2018 okhudza thanzi la m'thupi la anthu odwala maganizo amamutchula metformin pa nkhani imeneyi.

Wotopa_Ndi_Mizere:
Zonsezi n'zabwino pakamwa. Ine ndimaperekeza bambo anga kwina kwake, sinditchula. Timafika 6 koloko, timalowa cha m'ma 11. Mafunso ake ndi atatu: mukugona? mukumva mawu? mankhwala mukumwa? Chidindo pha, wotsatira. Zaka zitatu palibe anawakwezapo pa sikelo. Tsiku lina ndinapempha kuti awayeze BP, anandiuza kuti makina ali mbali ina, tikaime mzere wina. Mzere wake wofika panja. Bambo anali atatopa kale, tinangobwerera. Mutu amauonera chitseko china, thupi chitseko china, ngati ndi anthu awiri.

Namwino_wa_Usiku:
Sindikutsutsani. Tsiku la kiliniki munthu mmodzi amaona anthu ochuluka moti mphindi zimachita kuwerengeka, ndipo timizere toyezera shuga timatha. Kuyeza mafuta a m'magazi ndiye kumavuta kwambiri, si malo onse amachita, nthawi zambiri mpaka chipatala chachikulu kapena cholipira. Koma zinayi mwa zinthu zimene zimafunika kuziyang'anira sizilira labu yaikulu: sikelo, chiuno, BP ndi shuga wa pachala. Chomwe ndaona chikugwira ntchito ndi ichi, tsegulani tsamba lomaliza la buku la kuchipatala, jambulani mizere, muzilemba tsiku, makilo ndi chiuno mwezi uliwonse. Mukalowa muonetseni dokotala tsambalo musanayankhe za tulo. Manambala akukwera motsatizana ndi ovuta kuwanyalanyaza kusiyana ndi kungoti "akunenepa". Miyezi itatu yoyambirira munthu atayamba mankhwala ndi imene thupi limathamanga kwambiri, pamenepo ndiye pofunika maso.

Wotopa_Ndi_Mizere:
Ndiye ntchito ya achipatala tizigwira ife magadiyani?

Naphiri_Chilomoni:
Mukadikira kuti zikonzeke bambo anu adzagwa ndi sitiroko muli pamzere womwewo. Dandaulani, koma tepi gulani.

Telala_pa_Khonde:
Pa tepi pamenepo ndilowererepo, ndi ntchito yanga. Musadalire saizi ya thalauza. Azibambo amimba amamangira lamba pansi pa mimba, amabwera kwa ine akuti ndine 34, ndikazunguliza tepi pamchombo ikuwerenga 41. Munthu aime chilili, avule juzi, apume bwinobwino osakoka mimba mkati. Pezani nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, tepi idutse pakati pake, nthawi zambiri ndi cha pamchombo kapena pamwamba pang'ono. Isathine, isalendewere. Tepi yathu ili ndi mbali ziwiri, 94 ya anamwinoyo ndi mainchesi 37, ndipo 80 ndi mainchesi 31 ndi theka. Mumsika wa Limbe kapena wa Blantyre kwa ogulitsa ulusi ndi mazipi mupeza, si yodula.

Maule_Mpakakale:
Ndadziyeza ndi chingwe cha chaja kenako pa rula ya mwana. Anthuni ndili pa 99 ndipo sindimwa mankhwala alionse kkkk

Noma_Yomweyo:
Inu ndi chiwaya cha pa Kamuzu Stadium chimenecho. Timu ikapambana mumadya, ikagonja mumadyanso.

Maule_Mpakakale:
Ife timadya chifukwa chosangalala, inu a Nyerere mumawonda ndi maganizo.

MphunzitsiWopuma:
Nthabwala zili apo, a Maule anena chinthu chofunika. Vutoli lili m'dziko lonse. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse kuno ku Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Ndiye wodwala maganizo akuyambira pamene tonse tili kale pangozi, mankhwala n'kudzamukankhanso. M'tauni muno tadya bwanji? M'mawa mandasi ndi tiyi wotsekemera, masana chipisi, madzulo nsima ya ufa woyera ndi kandiwo kosambira m'mafuta. Kwathu ku Thyolo tinkadya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, n'kuyenda mtunda kupita kusukulu.

Mayi_Awiri_Chirimba:
Aphunzitsi, mgaiwa ndi nsimabe. Apongozi anga ali ndi shuga, anamva kuti mgaiwa ndi wabwino ndiye amadya mitanda isanu akuti ndi mankhwala.

Namwino_wa_Usiku:
Kkkk ayi. Mgaiwa uli ndi gaga, umakhalitsa m'mimba, koma kuchuluka kwake ndi nkhani. Theka la mbale likhale masamba, bonongwe, chisoso, mpiru, therere, chilichonse chili pamsika. Nyemba, usipa, mazira zimagwira m'mimba. Choyamba kuchotsa ndi zakumwa zotsekemera, Sobo, zam'mabotolo, thobwa lothira shuga wambiri ndi tiyi wa masipuni anayi uja.

NdimamwaUsikuUliwonse:
Ndiwonjezere za njala ya usiku poti ndimaidziwa. Imabwera pakangotha ola limodzi kapena awiri nditamwa piritsi, ndipo si njala yoti ungaiuze kuti dikira mawa. Kukiya kabati sikuthandiza, munthu amangodzimva ngati wakuba m'nyumba mwake, ndipo ndalama iliyonse akaipeza ithera pa zitumbuwa. Ine ndimamwa piritsi nditatsuka kale mkamwa, ndili pabedi, kuti tulo tindipeze njala isanafike. Pampando ndimasiya kambale ka mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi ndi nkhaka kapena gwafa. Mkute mlongo wanga anasiya kusunga, amaphika yokwana basi. M'mawa ndimayenda kuchoka ku Ndirande mpaka ku Chichiri wapansi, pobwerera ndimakwera. Poyamba ndinkangofika pamsika n'kukhala pansi. Ndatsitsa makilo 9 m'chaka chimodzi ndi theka. Si zambiri koma lamba ndabowola mabowo awiri atsopano.

Chinanso @MlongoWaKuBangwe, nkhaniyi mwakambirana ndi achimwenewo? Chifukwa apa tonse tikukamba za iwo ngati mbuzi yofuna kugulitsa. Ndi munthu wamkulu, amakonza mawailesi, manambala amawamva.

MlongoWaKuBangwe:
Mwandigwira pamenepo. Ayi sindinakhale nawo pansi. Ndimangokangana ndi amayi iwo ali pakhonde. Ndichita manyazi.

Kabaza_Machinjiri:
Koma wamisala angasunge malamulo a zakudya?

Admin_Gulu:
@Kabaza_Machinjiri mawu amenewo pagulu pano ayi. Timati munthu amene akudwala matenda a maganizo. Mwangowerenga kumene mnzathu akufotokoza mmene watsitsira makilo 9, inu mwatsitsa angati? Chenjezo loyamba.

Kabaza_Machinjiri:
Ndalakwa, ndi chizolowezi cha pakamwa. Pepani akulu.

Chete_Soche:
Funso langa lapatuka pang'ono. Ndimamwa ma ARV komanso mankhwala a maganizo. Chisinthireni ma ARV kupita ku atsopano aja thupi lakwera kwambiri. Ndiye wolakwa ndi uti?

Namwino_wa_Usiku:
Akhoza kukhala onse awiri. Dolutegravir, ARV watsopano uja amene anayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri kuno mu 2019, amawonjezera thupi mwa anthu ena makamaka amayi. Ndi mankhwala amphamvu pa kachilombo, musasiye. Ubwino wanu ndi woti ku ART amakukwezani pa sikelo ulendo uliwonse, ndiye mbiri ya makilo ilipo kale. Chofunika n'choti mbali zonse ziwiri zidziwe mankhwala onse amene mukumwa. Anthu ambiri amabisa, amakhala ndi mabuku awiri, ku ART sanena za kumaganizo, kumaganizo sanena za ART. Pali mankhwala ena monga carbamazepine amene amafooketsa dolutegravir m'thupi moti mlingo umayenera kusinthidwa, ndiye kubisako n'koopsa kuposa kunenepa.

Chete_Soche:
Mabuku awiri ndi ine ndendende. Ndamva.

Mjomba_wa_Lunzu:
Fodya bwanji sakutchulidwa? Mphwanga chiyambireni kudwala amasuta ngati uvuni wa njerwa, akuti amamukhazika mtima pansi.

Namwino_wa_Usiku:
Fodya ndiye amathira petulo pamoto, mitsempha ya magazi imawonongeka msanga. Asiye, koma adziwitse dokotala. Utsi wa fodya umachititsa kuti chiwindi chiziphwanya olanzapine ndi clozapine mofulumira, ndiye munthu akasiya mwadzidzidzi mankhwala amachuluka m'magazi, tulo ndi chizungulire zimawonjezeka. Mlingo umafunika kuwunikanso.

MlongoWaKuBangwe:
Ndabweranso anzanga. Lachiwiri usiku ndinakhala nawo pansi achimwene, ndinawawerengera zina mwa zimene mwalemba, makamaka za a NdimamwaUsikuUliwonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndimaona ngati ndine ndekha wosusuka." Akuti maso akhala akuchita chifunga akamawotcherera mawaya koma amaopa kunena, amati tiziti mutu wayambiranso tiwabwezere ku Zomba.

Dzulo tinalawira osadya, amayi tinawatenga monga ananenera agogo. Shuga 9.3. BP 142/92. Chiuno tinayeza kunyumba ndi tepi ya K500, masentimita 104. Adokotala anati ndi shuga, awayambitsa metformin ndipo atilembera kalata yoti tikaonetse ku kiliniki ya maganizo sabata ya mawa kuti akaone ngati olanzapine angasinthidwe kapena ayi. BP akuti ayezenso kaye maulendo angapo asanaganize za mankhwala. Amayi sanayankhule m'minibasi monse. Titafika anatenga chitini cha shuga n'kukachiika kuchipinda kwawo. Madzulo anaphika mgaiwa ndi chisoso, koma ndinawaona akuwonjezera kamtanda kachitatu m'mbale ya mwana wawo akuganiza kuti sindikuona.

Gogo_wa_Zingwangwa:
Kamtanda kameneko kasiyeni kaye mwanawe. Chitini chapita, n'chachikulu chimenecho.

NdimamwaUsikuUliwonse:
Auzeni achimwene kuti metformin masiku oyamba amatha kutsegula m'mimba, azimwa akudya, zimadzasiya. Asataye m'chimbudzi ngati ine. Loweruka m'mawa ndimakwera phiri la Soche ndi anzanga awiri a ku kiliniki, timanyamuka 6 koloko, sitithamanga. Akafuna ndilembereni ku inbox.

MlongoWaKuBangwe:
Ndawauza. Akuti abwera, koma afunsa ngati pamwambapo pamakhala ogulitsa mandasi.

Telala_pa_Khonde:
Mathalauza a 38 musataye asisi. Akayamba kukhwepa bwerani nawo, kubweza m'chiuno ndimachita pomwepo mukudikira.